Yobe ndi Gudumu Lotseka

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, munthu akafunsa pa Mtunthama kuti wothamanga kwambiri pa njinga ndani, yankho linali limodzi: Yobe. Ngakhale a kabaza, amene sagonjera munthu pa nkhani ya miyendo, ankavomereza. Yobe anali kamunthu kowonda, kouma ngati tsamba la fodya lochokera m'chigafa, ndipo kuwondako ankakunyadira ngati anachita kugula. Ntchito yake yeniyeni inali ya fodya. Ankalima maekala awiri, ndipo nyengo yodinda mabelo ikafika alimi anzake ankamuitana ndi sikelo yake yopachika, chifukwa ankatha kunena kulemera kwa belo asanalikoleke n'komwe. Munthu wotere amaona dziko lonse ndi maso a sikelo. Kaya ndi nkhuku, kaya mwana wakhanda, kaya thumba la feteleza, funso lake linali lomwelo loti chikulemera bwanji.

Chaka china kalabu ya njinga ya pa Mtunthama inauzidwa kuti itumize munthu mmodzi ku mpikisano waukulu ku Lilongwe. Mmodzi yekha basi. Mpikisano wake unali wolimbana ndi wotchi: aliyense amanyamuka payekha, wotsatira n'kudikira mphindi imodzi, ndipo palibe kubisala kumbuyo kwa mnzako kuti akutchingire mphepo. A Aloysius, mphunzitsi wa pulayimale amene ankatsogolera kalabuyo, ananena kuti adzawayesa onse Loweruka lomaliza la Julaye pa msewu wa tala, makilomita khumi kupita ndi khumi kubwerera. Wopambana ndiye adzapite. Yobe atamva, tsiku lomwelo anayamba kuuza anthu pamsika kuti akupita ku Lilongwe. Sanaone chifukwa chodikira Loweruka.

Choipa chake n'chakuti m'kalabumo munalinso mlamu wake. Chikumbusko, mlongo wake wa Rhoda, mkazi wa Yobe, anabwera kuchokera ku Simlemba chaka chinacho kudzatsegula shedi ya ukalipentala. Anali chimunthu cha mapewa ngati chitseko, cholankhula pang'ono, Chichewa chake chotsamira ku Chitumbuka. Amene anamulowetsa m'kalabu ndi Yobe yemweyo, ndipo tisanamizane, sichinali chikondi. Ankafuna munthu womusiya kumbuyo tsiku ndi tsiku kuti azikamuseka pakhomo. Tsiku lina anamukoleka pa sikelo ya mabelo anthu akuona, muvi n'kukaima pa makilogalamu 90. Yobe anati alamuwa atsala pang'ono kukwana belo lathunthu, tingowasokera m'chiguduli tiwatumize ku okushoni. Anthu anaseka, Chikumbusko nayenso anaseka nawo. Pothamanga ankamaliza wachisanu, mwina wachisanu ndi chimodzi, osadandaula.

Kumayambiriro kwa Juni, mphunzitsi wina wachizungu wa pasukulu yogonera ya m'deralo, pobwerera kwawo, anasiyira kalabuyo katoni yaikulu ya zipangizo zake zakale. Anaitsegulira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu ya a Aloysius. Munali magudumu awiri opepuka, a masipoko owonda ngati ulusi, oti munthu n'kuwanyamula ndi chala chimodzi, ndi chipewa chobowokabowoka chopepuka chimodzimodzi. Pansi pake munali zinthu zachilendo. Gudumu lina lakumbuyo linali lotsekedwa mbali zonse ziwiri ndi pulasitiki yolimba yakuda, osaoneka sipoko ndi imodzi yomwe, ngati chivundikiro cha diramu. Lakutsogolo lake linali ndi limu yaikulu, yakuya kukwana chikhatho. Munalinso timahandulo tiwiri toloza kutsogolo, tokhala ndi timapilo toikapo zigongono kuti munthu azipalasa atagona, ndi chipewa chosalala chokhala ndi mchira wosongoka kumbuyo.

Kalabuyo inali ndi lamulo lake, losalembedwa koma lolimba kuposa olembedwa. Kukabwera chinthu, kaya malaya kaya machubu, woyamba kusankha ndi amene wakhalitsa m'kalabu, enawo n'kumatola zotsala motsatana. Wokhalitsa anali Yobe. Anauza anzakewo kuti asakhudze kanthu, n'kuthamangira kunyumba kukatenga sikelo. Anaipachika pa nthambi ya mango n'kuyamba kukoleka chimodzichimodzi, nkhope ili gwa ngati ali pa fodya wa munthu. Zinthu zachilendo zija zinaposa zopepukazo ndi kilogalamu imodzi ndi magalamu mazana awiri. Kwa Yobe mlandu unathera pomwepo, anakumbatira zopepukazo.

A Aloysius anayesa kumuunikira.

"A Yobe, kulemera kumazunza munthu pokwera chitunda. Nanga msewu wathuwu chitunda chili pati? Kuno n'kwathyathyathya. Chimene mukulimbana nacho kuno ndi mphepo, ndipo zolemerazi anazipangira kuboola mphepo."

"Aphunzitsi," anatero Yobe, "mphepo sindinaionepo ikusuntha muvi wa sikelo yanga."

Anthu anaseka, a Aloysius n'kungopukusa mutu. Zolemera zija zinayenda m'manja mwa wachiwiri, wachitatu mpaka wachisanu ndi chiwiri, aliyense akuzikana poopa kusekedwa ndi chipewa chamchira. Zinakathera kwa womaliza kulowa m'kalabu. Chikumbusko anazilandira ndi manja awiri, n'kunena kuti yewo chomene, ngati amupatsa mbuzi.

Sabata yoyamba Yobe anasangalala. Mlamu wake atagona pa timahandulo tija ankayenda mokhotakhota ngati woledzera, ndipo anagwera mu ngalande kawiri. Sabata yachiwiri anasiya kugwa. Yachitatu anthu anayamba kumva kulira kwa gudumu lotseka lija asanamuone mwini wake, vuu, vuu, vuu, kuchokera kutali pakati pa minda yopanda kanthu imene anazulamo kale mapesi a fodya. Azimayi pa mjigo ankasiya kupopa n'kutembenuka. A kabaza, anthu opanda manyazi, omwe aja ankaimbira Yobe mluzu, anapatsa Chikumbusko dzina loti Ndege. Yobe anali atathamanga zaka zisanu ndi chimodzi pamsewu umenewo, koma palibe anamupatsapo dzina.

Kenako wotchi inalankhula. Nthawi yabwino ya Yobe pa makilomita makumi awiri aja inali mphindi makumi atatu ndi imodzi ndi masekondi khumi, ndipo magudumu opepukawo anangomuchotserapo masekondi asanu. Chikumbusko anachoka pa mphindi makumi atatu ndi zinayi, kubwera pa makumi atatu ndi ziwiri, ndipo Lachiwiri lina chapakati pa Julaye a Aloysius anayang'ana wotchi kawiri asanalengeze kuti mphindi makumi atatu ndi theka. Yobe anati wotchiyo yayamba kufooka batire. A Aloysius anamukumbutsa mwaulemu kuti ndi wotchi yomweyo imene yamuyesa iye mphindi zingapo zapitazo.

Nsanje inamugwira Yobe, ndipo inamugwira zenizeni. Sanaibise kwa iye mwini, ankadziwa kuti ndi nsanje, koma kudziwako sikunamuchiritse. Akamva vuu, vuu kumsewu, chakudya chinkamuwawa m'kamwa. Chimene chinkamupweteka kwambiri si liwiro la mlamu wakeyo ayi, koma kuti zinthuzo zinali m'manja mwake iye, anazikoleka yekha pa sikelo, n'kuzikankhira yekha kwa munthu amene ankamutcha belo.

Pakhomo napo panalibe pothawira. Rhoda anali ndi makina osokera pakhonde, ndipo masana ena Yobe pochokera kumunda anapeza Chikumbusko ataima manja m'mwamba, mlongo wake akumutsina malaya othamangira ndi mapini kuti amugwire thupi. A Aloysius anali atanena kuti malaya okupiza amakoka munthu kumbuyo. Yobe anali atakana kale zochepetsa ake, ati bambo wa ana sangayende pamsewu atamatidwa nsalu ngati soseji. Tsopano anaima pabwalo akuona awiriwo akuseka, akuyankhulana Chitumbuka chothamanga chimene iye ankangotolapo mawu awiri atatu. Anamva dzina lake likutchulidwa kamodzi. Mwina ankangofunsana ngati wabwera, koma Yobe anatsimikiza mumtima kuti akumuseka. Atafunsa Rhoda pambuyo pake kuti ali mbali ya ndani, Rhoda anayankha osakweza maso pa makina kuti ali mbali ya aliyense wobweretsa malaya.

Lachinayi la sabata ya mpikisano, dzuwa lili pamutu, Yobe anakwera njinga kupita ku shedi ya ukalipentala. Anapeza Chikumbusko akupala thabwa la chitseko. Anapatsana moni, anafunsana za kumudzi, kenako Yobe anakhosomola n'kunena kuti pa tsiku logawana lija iye sanamalize kusankha, anangoyamba ndi kuyesa. Monga wokhalitsa m'kalabu, waganiza bwino tsopano, ndipo akufuna zolemera zija. Zopepukazo anali atazimangirira kale pa keliyala ya njinga ina imene anabwera nayo.

Linali bodza loonekeratu, ndipo onse awiri ankadziwa. Chikumbusko anaika pansi chopalira chake, n'kuyang'ana gudumu lakuda lija limene linali litatsamira khoma, lopukutidwa mpaka kunyezimira.

"Ndinu akulu, alamu," anatero. "Tengani."

Anamasula yekha timahandulo tija, n'kumusonyeza pomangira, n'kumuchenjeza kuti mphepo ikawomba cham'mbali asaumitse mikono. Yobe anabwera atakonzekera mkangano, mawu ake ali okonzakonza, koma anasowa powagwiritsa ntchito. Anabwerera kunyumba ali ndi zonse zimene ankafuna, mtima ukumuwawa kuposa mmene anapitira. Ngakhale pa kupatsa, mlamuyo anamuposa.

Lachisanu m'mawa anamangirira zonse pa njinga yake. Atamaliza anainyamula ndi dzanja limodzi monga ankachitira nthawi zonse. Njinga yake, imene anaichotsa chilichonse chosafunika mpaka belu, inali italemera ngati ya munthu wogulitsa nkhuni. Anapita nayo m'chigafa n'kuikoleka pa sikelo. Muvi unatsika, Yobe n'kumva ngati watukwanidwa. Anayesa kudziuza zimene a Aloysius ananena za mphepo zija, koma mphepo sankaiona, pomwe muvi ankauona ndi maso ake.

Apa m'pamene nzeru inamubwerera, ndipo iye anaiona ngati nzeru yoposa ya aphunzitsi ndi mzungu yemwe. Anthu onsewa ankati munthu asankhe, kaya zopepuka kaya zoboola mphepo. Nanga bwanji osatenga zoboola mphepozo n'kuzipepukitsa? Anasonkha makala pa mbaula, n'kuikapo kachidutswa ka paipi yachitsulo mpaka kufiira. Anagoneka gudumu lotseka lija pansi n'kuyamba kuboola pulasitiki, bowo apa, bowo apo, mozungulira bwinobwino, mbali zonse ziwiri. Anaboola mabowo makumi atatu ndi awiri. Anatenga sowo n'kudula mchira wa chipewa, chifukwa mchira sutchinjiriza mutu wa munthu. Timapilo ta zigongono anatichotsa ndi zitsulo zake zomwe, ati mwamuna safuna pilo masana. Timahandulo tija anatifupikitsa ndi theka. Chilichonse chimene wachotsa ankachiunjika m'kathumba, ndipo pomaliza anakoleka kathumbako pa sikelo yaing'ono imene anabwereka kwa wogulitsa nyemba. Magalamu mazana anayi ndi makumi awiri. Yobe anamwetulira koyamba m'masabata atatu.

Fungo la pulasitiki yopsa ndi limene linabweretsa Rhoda. Anaima pakhomo la chigafa, tepi yoyezera ili m'khosi, akuyang'ana gudumu limene mlongo wake ankalipukuta ndi nsalu ya malaya ake.

"Bambo a Pempho, zinthuzo si zanu."

Yobe anamuyankha kuti akuzikonza, ndipo mawa lomweli aona yekha. Rhoda anabwerera ku makina ake. Tsiku lonselo makinawo sanalire.

Loweruka kunacha ndi mwera, mphepo yozizira ya Julaye imene imadutsa m'zidikha za Kasungu popanda choitchinga, ikunyamula fumbi m'minda n'kulithira pamsewu. Anthu anadzaza poyambira. Yobe atatsitsa njinga yake, phokoso linatha. A Aloysius anayandikira, anawerama, n'kulowetsa chala m'bowo limodzi. Anayang'ana Yobe. Nthawi inali itakwana, ndipo anthu asanu ndi atatu anali akudikira. Anangowerenga mndandanda. Mwa mwambo, wothamanga kwambiri ndiye amanyamuka pomaliza, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi malo amenewo anali a Yobe. Ulendo uno, potsata nthawi za mwezi umenewo, Yobe anaikidwa wachiwiri kwa womaliza. Kumbuyo kwake kunali Chikumbusko, pa magudumu opepuka aja, atavala malaya ake omata.

Poyambira pamakhala munthu wogwira chishalo kuti wothamanga akhale atakwera kale, mapazi onse ali pa mapedulo, kufikira amuwerengere. Ntchito imeneyo inali ya a Wyson, mkulu wokonza njinga pamsika, amene miyendo inawathera kalekale. A Wyson anagwira chishalo cha Yobe, a Aloysius anawerenga kuchokera pa zisanu, ndipo Yobe ananyamuka ngati mwala wa legeni.

Kilomita yoyamba anamva kukoma. Yachiwiri gudumu linayamba kulira, koma silinalire vuu, vuu. Mphepo inkalowa m'mabowo muja n'kumazungulira m'kati, gudumu n'kumaimba mluzu wosasa ngati ketulo, ndipo Yobe ankamva ngati wina wagwira njinga kumbuyo akumukoka. Anagona pa timahandulo monga anaonera kwa mlamu wake, koma zigongono zinakhala pa chitsulo chopanda kanthu, ndipo tala wathu ali ndi zigamba zake. Bampu iliyonse inkamulasa mpaka m'mano. Timahandulo tofupikitsa tija tinamupinda ngati munthu wodwala m'mimba, mpweya osalowa bwino. Mwera ukawomba cham'mbali, limu yaikulu yakutsogolo ija inkamukankhira pakati pa msewu, kamunthu ka makilogalamu 55, ndipo iye ankaumitsa mikono, chinthu chomwe anachenjezedwa kuti asachite. Asanafike potembenukira anali atadzuka, wakhala tsonga, chifuwa chonse wachipereka ku mphepo, malaya akukupiza kumsana ngati mbendera.

Pobwerera, atadutsa mlatho waung'ono, anamva kanthu kumbuyo. Sikanali kaphokoso kakakulu, kungoti sii, matayala pa tala ndi mpweya wa munthu. Chikumbusko analibe timahandulo togonera, koma masabata asanu ndi awiri aja anali atamuphunzitsa thupi. Anali atapinda zigongono, mutu pansi, msana uli thyathyathya, chimunthu chonse chija chitadzisonkhanitsa n'kukhala chaching'ono. Anapatukira kumanja, kutali ndithu, monga lamulo limanenera. Atafika pambali pa Yobe, osatembenuza mutu, analankhula ngati munthu wodutsa pamaso pa akulu pabwalo.

"Zikomo alamu, ndidutse nawo."

Ndipo anadutsa. Yobe anaimirira pa mapedulo, anapalasa mpaka maso kuchita mdima, koma msana uja unkangocheperachepera kutsogolo. Akanakonda mlamuyo akanamuseka, kapena kumutukwana, kuti apeze pogwira. Koma munthu wakupempha njira mwaulemu umamuyankha chiyani? Yobe anapalasa makilomita asanu otsalawo akulira ndi ukali, gudumu likumuimbira mluzu.

Anamaliza wachinayi. Chikumbusko anapambana ndi mphindi makumi atatu ndi imodzi ndendende, pa magudumu amene anali asanawakwerepo, ndipo a kabaza anafuna kumunyamula koma analephera chifukwa cha kulemera kwake. Rhoda anali pomwepo ndi botolo la madzi. Anapatsa mlongo wake, kenako anabwera kudzapatsa mwamuna wake otsalawo.

Chisangalalo chitazirala, anthu a m'kalabu anazungulira njinga ya Yobe. A Aloysius analankhula motsitsa mawu, ndipo kutsitsako kunapweteka kuposa kukalipa. Anati ku Lilongwe msewu wake ndi wathyathyathya ngati uno, ndipo anzawo a kumeneko adzabwera ndi magudumu otseka ndi zipewa zamchira. Kalabu ya pa Mtunthama inali ndi zake, kamodzi kokha m'mbiri yake, ndipo munthu wawo akanapita nazo. Tsopano apita wopanda. M'boma lonse la Kasungu sankadziwa kwina kokazipeza. Wina anati Yobe achotsedwe m'kalabu. Wina anavomera, wachitatu n'kuwonjezera kuti achotsedwe lero lomwe. Yobe anangoti zyoli, akuyang'ana zigongono zake zosupuka. Mumtima anati achotsedwe basi, apite kwawo akadane ndi anthu onsewa mwamtendere.

Koma Chikumbusko anapempha kuti alankhule. Anati amene anamuphunzitsa njinga ndi alamu akewa, ndipo popanda iwo bwenzi akungopala matabwa. Zawonongeka zawonongeka, iye ayesetsa ndi zimene zilipo. Kenako anatembenukira kwa Yobe, nkhope yake ilibe chinyengo ngakhale pang'ono, ndipo chimenechi ndicho chinali chosapiririka.

"Alamu, a Wyson akuti ulendo wa ku Lilongwe sangauthe. Ndikufuna munthu wodzandigwirira chishalo poyambira. Tipitire limodzi."

Anthu anaomba m'manja. Azimayi ena anati mwana wa ku Simlembayu analeredwa bwino, a Aloysius n'kumugwira paphewa monyadira. Onse anatembenukira kwa Yobe kudikira yankho, ndipo panalibe yankho lina loti munthu n'kupereka pamaso pa gulu lotero. Yobe anadziona ataima pa tala wa ku Lilongwe, anthu a zigawo zonse akuonerera, iye atawerama kumbuyo kwa mlamu wake, manja ali pansi pa chishalo, akudikira kuti amuuze nthawi yosiya.

"Ndidzapita," anatero.

Anaombanso m'manja, ndipo ulendo uno ankaombera Chikumbusko yemweyo. Yobe anakankha njinga yake wapansi kulowera kunyumba, akumuda mlamu wakeyo kuposa mmene anamudera pamsewu paja.